ZA PAKHOMO: Kodi m'botolo la kondishona muli chiyani?



M'masitolo a pa Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Liwonde mwadzaza mabotolo a mankhwala a tsitsi. Ena alembedwa kuti amameretsa tsitsi, ena akuti amalidyetsa, enanso akuti amachiza lothothoka. Mitengo yake si yamasewera, ndipo ndalama yake imachoka m'thumba lomwelo limene timagulira ufa, sopo ndi makope a ana. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tsono m'kope lino tiyeni titembenuze botolo la kondishona, mankhwala aja timapaka tikatha kutsuka tsitsi, kuti tiwerenge timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo. Zolembedwa kutsogolo ndi zokopa ogula, koma zimene zilidi m'katimo zimalembedwa kumbuyoko.

Tsitsi lili ndi mamba

Choyamba tilidziwe tsitsi lenilenilo. Mbali yamoyo ya tsitsi ndi muzu wokha umene uli m'kati mwa khungu. Kumeneko ndiko limakulira, pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndipo chakudya chake chimabwera ndi magazi. Tsitsi limene timaliona ndi kulipesali ndi lakufa ngati chikhadabo chimene timawenga, n'chifukwa chake sitimva kuwawa pometa.

Kunja kwa tsitsi lililonse kuli timamba tosaoneka ndi maso, tosanjikizana ngati mamba a chambo. Timambati tikagona bwino, tsitsi limasalala, limawala ndipo limapeseka. Tikadzuka, monga amachitira mamba tikamapala nsomba kuyambira kumchira, tsitsi limakolana ndi kuduka. Zimene zimadzutsa timambati ndi sopo wochapira zovala, madzi a mchere a m'mijigo ina, dzuwa la mu Okutobala, kupesa mwankhanza, ndipo koposa zonse mankhwala owongolera tsitsi.

Akatswiri ali ndi muyeso wotchedwa pH, woyambira pa 0 kulekeza pa 14. Zowawasa ngati ndimu zili kumunsi, zoterera ndi zowotcha ngati soda zili kumtunda. Tsitsi ndi khungu la kumutu zimakhala bwino pakati pa 4.5 ndi 5.5. Sopo wamba amakhala pa 9 kapena 10, pamene mankhwala owongolera tsitsi okhala ndi sodium hydroxide amapitirira 12. Komanso tsitsi lathu ndi lopotana, kotero mafuta achilengedwe otuluka m'khungu amavutika kuyenda mpaka kunsonga, ndipo nsongazo zimauma msanga.

Ntchito ya kondishona ndi kugoneka timamba tija ndi kukuta tsitsi kuti lisaduke popesa. Sangameretse tsitsi chifukwa safika kumuzu. Nsonga yogawanika angathe kuimata kwa kanthawi, koma mankhwala ake enieni ndi kuidula.

Kawerengedwe ka mndandanda

Pansi pa mawu oti Ingredients pamakhala mndandanda wa zonse zimene zasakanizidwa. M'maiko ambiri lamulo limati chochuluka chiyambe kulembedwa, chochepa chitsirize, ndipo zosafika pa 1 peresenti zingathe kuikidwa mulimonse kumapeto. Choyamba kawirikawiri chimakhala Aqua, amene ndi madzi. Tsono mukaona botolo lojambulidwa peyala lalikulu kutsogolo, koma mafuta a peyalawo alembedwa kumapeto pafupi ndi Parfum, dziwani kuti mwangothiridwa kadontho. Maina asanu oyambirira ndiwo amatiuza chimene tikugula.

Zofewetsa zenizeni

Maina ngati Cetrimonium Chloride, Behentrimonium Chloride, Behentrimonium Methosulfate ndi Stearamidopropyl Dimethylamine ndi ovuta kutchula, koma ndiwo amagwira ntchito yaikulu. Tsitsi loonongeka limakhala ndi kamphamvu ka magetsi ka mbali imodzi, ndipo mankhwalawa ali ndi ka mbali inayo, kotero zimakokana ngati maginito. Amakakamira kwambiri pamalo poonongeka ndipo sachoka onse potsukuluza. Ndiwo amachititsa kuti chipeso chidutse mosakoka. Botolo lotsika mtengo lokhala ndi limodzi la mainawa koyambirira lingathe kugwira ntchito mofanana ndi lokwera mtengo. Pamodzi nawo mumapezeka Citric Acid, wowawasa ngati wa mu ndimu, wotsitsa pH kuti timamba tigone.

Liwu lija la Alcohol

Alongo ambiri akaona Cetyl Alcohol, Stearyl Alcohol kapena Cetearyl Alcohol amabweza botolo poganiza kuti muli mowa. Nkhawayi ndi yomveka, koma zimenezi si mowa ndipo siziledzeretsa. Ndi zinthu zoyera zolimba ngati phula, zimene masiku ano zimapangidwa kawirikawiri kuchokera ku mafuta a kanjedza kapena a kokonati. Dzina loti alcohol ndi la banja lalikulu la zinthu m'kayitanidwe ka asayansi, ndipo mowa ndi chimodzi chokha m'banjamo. Cetyl Alcohol anapezedwa mu 1817 ndi katswiri wa ku France, Michel Chevreul, m'mafuta a namgumi, ndipo dzina lake linachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza namgumi. Ntchito yake ndi kulimbitsa kondishona kuti asakhale wamadzimadzi ndi kusiya tsitsi loterera.

Chosiyana ndi Ethanol, Alcohol Denat. kapena kungoti Alcohol. Ameneyu ndi wa mtundu uja umapezeka m'zakumwa zoledzeretsa, ndipo mawu oti Denat. amasonyeza kuti wathiridwa zina kuti asamweke. Amauluka msanga, ndipo akalembedwa koyambirira kwa mndandanda amaumitsa tsitsi. Pa za kumugwiritsa ntchito kunja kwa thupi ma ulama amasiyana maganizo, choncho funsani a Shehe a kwanuko. Safunsa anadya phula.

Zowalitsa

Maina othera ndi -cone kapena -siloxane, monga Dimethicone, Amodimethicone ndi Cyclopentasiloxane, ndi a gulu la silikoni, lomwe gwero lake ndi mchenga. Amakuta tsitsi ndi kachikhungu kopyapyala kwambiri, kamene kamaliwalitsa ndi kuliteteza pang'ono ku kutentha kwa dulaya ya ku saluni. Vuto lake n'lakuti Dimethicone sasungunuka m'madzi. Tikamangopaka pamwamba osatsuka ndi shampu, amaunjikana ndipo tsitsi limalemera ndi kugwira fumbi.

Zokoka chinyezi

Glycerin tonse timamudziwa chifukwa amagulitsidwa m'timabotolo topaka pakhungu. Iye pamodzi ndi Propylene Glycol ndi Panthenol, amene ndi m'bale wa vitamini B5, amakoka madzi ndi kuwasunga. M'nyengo ya mvula, mpweya wa kunyanja kuno ukakhala wa chinyezi, Glycerin wochuluka amafufumitsa tsitsi ndi kulimatitsa. Amathandiza bwino akapakidwa pa tsitsi lonyowa pang'ono, kenaka n'kutsekera ndi timafuta pamwamba.

Mafuta

Mafuta onse si ofanana. Petrolatum, amene ambiri timamudziwa ndi dzina la Vaseline, ndiponso Mineral Oil kapena Paraffinum Liquidum, amachokera ku mafuta okumbidwa pansi. Salowa m'tsitsi. Amakhala pamwamba ndi kutsekera madzi amene alimo kale, kotero kuwapaka pa tsitsi louma gwa sikulifewetsa. Mafuta a kokonati, olembedwa Cocos Nucifera Oil, amatha kulowa m'kati. Mu 2003 akatswiri awiri a ku India, Rele ndi Mohile, anayerekeza mafuta a kokonati, a mpendadzuwa ndi Mineral Oil, ndipo anapeza kuti a kokonati okha ndiwo anachepetsa kwambiri kukokoloka kwa puloteni m'tsitsi potsuka. Tidziwenso kuti akatswiriwa ankagwira ntchito ku kampani ya Marico, yogulitsa mafuta a kokonati omwewo.

Maina ena achilendo ndi a zinthu za pakhomo pathu. Ricinus Communis Seed Oil ndi mafuta a nsatsi amene agogo athu ankadzola. Adansonia Digitata Seed Oil ndi a njere za malambe, Persea Gratissima Oil ndi a mapeyala, pamene Butyrospermum Parkii ndi batala wa shea amene wochuluka amachokera ku maiko a kuzambwe kwa Africa. Onsewa amafewetsa ndi kusunga chinyezi.

Mapuloteni ndi gwero lake

Hydrolyzed Keratin, Hydrolyzed Wheat Protein, Soy Protein, Silk Protein ndi Collagen ndi mapuloteni oduladula tizidutswa ting'onoting'ono. Amadzaza timing'alu ta tsitsi loonongeka ndi mankhwala owongolera, mofanana ndi kumata bwato lothonya, koma amachoka pang'onopang'ono tikamatsuka. Akachuluka, anthu ena amaona tsitsi lawo likuuma ndi kuthyoka.

Apa ndi pamene banja la Chisilamu liyenera kutsegula maso kuposa pa liwu lija la alcohol. A tirigu ndi soya alibe vuto. Keratin amachokera ku ubweya wa nkhosa, nthenga, nyanga kapena ziboda. Collagen amachokera ku ng'ombe, nsomba kapena nkhumba. Glycerin ndi Stearic Acid angathe kupangidwa kuchokera ku zomera kapena ku mafuta a nyama, ndipo mabotolo ambiri sanena gwero lake. Lanolin ndi mafuta otsukidwa ku ubweya wa nkhosa wometedwa. Amene akufuna mtima uli m'malo ayang'ane chizindikiro cha bungwe lodziwika lotsimikiza za halaal, kapena mawu oti Vegetable Glycerin, kapenanso Vegan, kutanthauza kuti mulibe chochokera ku nyama.

Funso lina ndi la wudhu ndi kusamba kwa janaba. Akatswiri a Fiqh amasiyanitsa chinthu chouma chopanga chikhungu chotchinga madzi, monga penti kapena polishi wa zikhadabo, ndi mafuta amene amangosiya kuterera. Kondishona wotsukuluzidwa saletsa tsitsi kunyowa. Koma zolemera ngati phula la tsitsi kapena Petrolatum wounjikana ndi bwino kuzitsuka kaye kuti madzi afike pakhungu.

Zotetezera kuti asaole

Popeza mbali yaikulu ndi madzi, kondishona angathe kuchita nkhungu. N'chifukwa chake mumathiridwa Phenoxyethanol, Sodium Benzoate, Methylparaben, DMDM Hydantoin kapena Methylisothiazolinone. Zimenezi pamodzi ndi Parfum ndizo zimayambitsa kuyabwa ndi zidzolo kwa anthu ena. Methylisothiazolinone anavutitsa anthu ambiri kotero kuti maiko a European Union anamuletsa kuyambira mu 2017 m'zodzola zonse zosatsukuluza. Musanayambe botolo latsopano, pakani pang'ono kuseri kwa khutu ndi kudikira masiku awiri. Kachithunzi ka chitini chotsegula kolembedwa 12M kamatanthauza kuti agwiritsidwe ntchito m'miyezi 12 chitsegulireni.

Chizolowezi chothira madzi m'botolo kuti achuluke chimafooketsa zotetezerazi, makamaka ngati ali madzi a m'nyanja kapena a pachitsime. Ngati mukufuna kusungunula, tapani wokwanira tsikulo m'kambale. Tipewenso wogulitsidwa mopungulira m'timabotolo topanda dzina, chifukwa palibe njira yodziwira zimene zathiridwamo.

Kagwiritsidwe ntchito

Mukatha kutsuka, finyani madzi, pakani kuyambira pakati pa tsitsi mpaka kunsonga, osati kuunjika pakhungu. Dikirani mphindi 3 mpaka 5, pesani ndi chipeso cha mano otalikirana kuyambira kunsonga kubwerera kumizu, kenaka tsukuluzani. Tsitsi liume bwino musanavale mpango kapena hijabu, pakuti chinyezi ndi kutentha pansi pa nsalu zimabweretsa fungo ndi kuyabwa.

Pomaliza tikumbutsane kuti kuduka kwa tsitsi n'kosiyana ndi kuthothoka kuchokera kumuzu. Kondishona amathandiza loduka lokha. Tsitsi lingathe kuthothoka miyezi ingapo mayi atabereka kapena munthu atadwala kwambiri, ndipo kawirikawiri limabwerera lokha. Limathothokanso chifukwa cha kuchepa kwa magazi, kapena kulukitsa mothina, kumene kumadya tsitsi la pamphumi. Mwana wa chipere kumutu amafunika mankhwala akumwa a ku chipatala, zopaka zokha sizichiza. Muzu wa tsitsi umadya zimene mwini wake wadya: usipa, nyemba, mtedza, mazira ndi masamba obiriwira. Ngati ndalama ya mwezi uno ikungokwanira chimodzi, tiyambe tagula ndiwo, botolo lidikire.