Ife Othamanga Kumbuyo kwa Mzere

Pamene ife tinali kukula munthu wamkulu sanali kuthamanga popanda cifukwa. Mukaona bambo wandevu zake ali pa liwiro, munali kudziwa kuti kapena nyumba yapsa, kapena galu wamulusira, kapena basi ya ku Chipata ikumusiya. Ku sukulu ya mishoni tinathamanga ndithu, koma kawirikawiri cinali cilango ca ocedwa, ndipo tsiku limene tinatsiriza sukulu tinatsazika liwiro ndi mtima woyera. Liwiro tinalisiyira eni ake, monga Samuel Matete amene anagonjetsa dziko lonse pa mamita 400 odumpha zochinga ku Tokyo mu 1991, ndi Muzala Samukonga amene anatibweretsera mendulo yaciatu ku Paris mu 2024. Ife nchito yathu inali kuomba m'manja tili khale pa mpando.

Cotero mwana wathu wamkazi atafika kunyumba ku Kabwata ndi sikipa yapinki m'manja, nati, "Atate, ndakulembetsani, mudzathamanga makilomita 5," tinayesa kuti akuseka. Amai a kunyumba ndiwo anaseka zenizeni, mpaka misozi. Koma mwanayo anali ndi mfundo imene sitikanatha kuikana. Masabata awiri m'mbuyo mwake anatiperekeza ku kiliniki, ndipo anamva yekha anamwino akutiuza kuti magazi athu akuthamanga kwambiri. "Magazi anu akuthamanga, inu muli cikhalire," anatero. "Bwanji osasinthana nao?"

Kwa amene simunauone, mwambo umenewu ndi wosiyana ndi mpikisano weniweni. Mpikisano wautali wa marathon ndi makilomita 42 ndi mamita 195, ndipo umafuna miyezi yambiri yokonzekera. Mu Lusaka muno tinali ndi Lafarge Lusaka Marathon m'zaka za m'ma 2010, pambuyo pake kunadza Absa Marathon, ndiponso anchito a m'makampani amaudziwa mpikisano wopatsirana kamtengo wa Inter-Company Relay. Koma pambali pa akatswiri pamakhala mtunda waufupi, kawirikawiri makilomita 5, umene aliyense angalowe: wothamanga, woyenda, wokankha mwana m'kangolo, ngakhale wa ndodo. Masiku ano kuthamanga kotereku amakukonza pakokha, nakupatsa mutu wake ndi covala cake. Mu Okutobala anthu amavala zapinki pokumbutsana za khansa ya m'mawere. Pena amavala mitundu ya mbendera cifukwa ca ufulu wa pa 24 Okutobala. Pena masukulu amakonza kuti apeze ndalama zomangira kapena zothandizira ana amasiye. Palinso kuthamanga kothirana utoto, kumene kunayamba ku Phoenix m'dziko la America mu 2012 ndi dzina lakuti The Color Run: munthu amayamba atavala zoyera, ndipo m'njira amamuwaza fumbi la mitundumitundu kufikira afanane ndi nkhanga yogwera m'utoto. Kumeneko sawerenga nthawi ndipo kulibe wopambana. Titamva kuti fumbilo amalipanga ndi ufa wosalala wa cimanga, mtima wathu wa kum'mawa unadumpha pang'ono. Ife tinaleredwa kuti ufa ukatayika pansi umaola ndi manja awiri.

Tinali ndi masabata asanu ndi limodzi okonzekera. Sabata loyamba sitinathamange konse, tinangoyenda. Tinali kudzuka 5 koloko, kukali cisisira, n'kulowa mseu wa Burma, kudutsa pa Kabwata Cultural Village amisiri osema asanatsegule, kulunjika ku Woodlands. Sabata laciwiri tinayamba kusakaniza: kuthamanga pang'onopang'ono kucokera pa mtengo umodzi wa magetsi kufika pa wacitatu, kenaka kuyenda kufikira mpweya utabwerera. Lusaka ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,300 pamwamba pa nyanja ya mcere, ndipo munthu wosazolowera amapuma ngati mvukuto. Cimene cinativuta koposa cinali manyazi, kuposa maondo ndi cifuwa. Munthu amene anthu amamudziwa atavala jekete ndi tayi, pano ali m'kabudula, miyendo yoonda ili poyera! Kondakitala wina wa minibasi anatiitana, "Ba mudala, kwerani, musadzivute!" Tinamubaibitsa, koma mau ake anatilasa.

M'mamawa momwemo tinaona cinthu cimene sicinaticoke m'maganizo. Mseu sunali wa ife tokha. Pamene ife tinali kuthamanga kuti ticepetse mimba, mazana a anthu anali kuyenda mofulumira ndi tizikwama tao: amai ocokera ku Bauleni, ku Mtendere ndi ku Kalingalinga kupita kukagwira nchito za m'nyumba ku Kabulonga ndi ku Woodlands, alonda obwerera kwao ndi tulo m'maso, anyamata okankha mawilibala a ndiwo zamasamba. Amenewa makilomita 5 amawatha tsiku lililonse kawiri, opanda sikipa, opanda mendulo, opanda wowapatsa madzi pa mphambano. Ndipo ndalama imene mwana wathu analipira potilembetsa inali yosatalikirana ndi mtengo wa thumba la ufa. Tiyenera kunena poyera kuti maphwando a liwirowa, monga alili, ndi a anthu a malipiro. Sitinena izi kuti tiwanyoze. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akugwiranso ife amene timacoka pa mpando wa minibasi kupita pa mpando wa ofesi, n'kubwerera ku mpando wa wailesi yakanema. Koma okonza akadaika mtengo wotsika kwa amene safuna sikipa, kapena kulola ana ndi okalamba kulowa ulere, mzere ukadafanana ndi Lusaka weniweni.

Tsikulo linali Ciweru, ndipo pa ici tiwayamike okonza, pakuti ena amaika zoterezi Lamulungu m'mawa, munthu n'kumasankha pakati pa Misa yoyamba ndi nsapato zothamangira. Tinafika kusanace. Mitengo ya jakaranda inali itathira maluwa ake ofiirira mumseu, ndipo khamu lonse linali lapinki: masikipa, zipewa, maduku, zitenje, ngakhale abambo ena a mimba zao atavala timasiketi ta nsalu yopyapyala pamwamba pa makabudula. Mnyamata wina pa nsanja anatitsogolera masewera otenthetsa thupi ndi nyimbo zophulitsa makutu. Ife tinakweza manja kawiri katatu, n'kusunga mphamvu zotsalazo.

Akuluakulu anati liwiro la mumcenga n'kuyambira limodzi, ndipo tinayambiradi limodzi, koma umodziwo unatha pasanapite mphindi ziwiri. Akatswiri anazimirira ngati agwape. Acinyamata ambiri anawatsatira ndi phuma, ndipo pa kilomita yaciwiri tinawapeza ena atagwira maondo, akupumira m'mwamba. Ife tinatsala m'gulu la kumbuyo, ndipo kumeneko ndiko tinapeza cimene tifuna kukuuzani mwezi uno.

Kutsogolo anthu salankhula. Aliyense ayang'ana wochi yake. Kumbuyo anthu amaceza. Tinayenda kanthawi ndi bambo wina wa ku Chelstone amene anati amazolowera m'mbali mwa Great East Road, kucokera pa thanki ya madzi ija kulinga ku Munali, ndi kuti anayamba dokotala atamuopseza ndi jekeseni wa shuga. Tinadutsa agogo ena amene mdzukulu wao anali kuwakoka dzanja. Kenaka tinapezana ndi mai wina wa msinkhu wathu, wovala citenje pamwamba pa thalauzi, amene pamsana pa sikipa yake anamatapo cithunzi ca mtsikana. Titapatsana moni tinafunsa mwaulemu. Anati ndi mng'ono wake. Anamva kabuthu m'bere, anabisa miyezi yambiri poopa kuti akamudula, anayamba wayesa mankhwala a zitsamba ndi mapemphero a usiku, ndipo pofika ku Cancer Diseases Hospital matenda anali atafalikira. "Sindithamangira mendulo ine, bambo," anatero maiyo. "Ndifuna anthu andifunse monga mwandifunsira inumu." Kucokera pamenepo tinasiya kudandaula za maondo.

Mwambo wothamangira odwala unakula ndi munthu wotere. Terry Fox, mnyamata wa ku Canada, anamudula mwendo wamanja mu 1977 cifukwa ca khansa ya m'mafupa. Pa 12 Epulo 1980 anayamba kuthamanga ndi mwendo wopanga kucokera ku St. John's, kufuna kudutsa dziko lonse lao kuti asonkhe ndalama zofufuzira mankhwala a khansa. Anathamanga masiku 143, makilomita 5,373, ndiye kuti pafupifupi marathon yathunthu tsiku lililonse, kufikira pa 1 Seputembala pamene anaima pafupi ndi Thunder Bay cifukwa matenda anali atalowa m'mapapo. Anamwalira pa 28 Juni 1981 ali ndi zaka 22. Caka comweco anthu anayamba Terry Fox Run, imene imacitika caka ndi caka, ndipo siika mtima pa wopambana koma pa zopereka. Mnyamatayo sanafike kumene anali kupita, koma palibe anganene kuti anathamanga cabe.

Pano ndipo pali nkhawa yathu. Titafika pomalizira, mphindi 52 zitapita, anatikoleka mendulo m'khosi monga anakolekera woyamba, natipatsa madzi ndi nthoci. Kunali kuvina, kunali kujambulana, zithunzi n'kumapita pa Facebook thukuta lisanaume. Pambali panali tenti imene anamwino anali kupima anthu ulere ndi kuphunzitsa amai kudziyeza okha mawere. Pa malo ojambulira panali mzere wautali wokhotakhota. Pa tentiyo panali anthu owerengeka, ndipo mmodzi mwa iwo anali mai uja wa cithunzi, akukoka anzake. Ngati sikipa yapinki ithera mu sutukesi ndipo mwini wake sanapimitse, sanauze mkazi wake, mlongo wake kapena mwana wake kuti akapimitse, ndiye kuti tagula covala cokwera mtengo basi. Kuno kwathu khansa imene imagwira amai ambiri ndi ya khomo la ciberekero, ndipo kuipima kunayamba m'makiliniki a boma a mu Lusaka mu 2006. Katemera woteteza atsikana ku kacirombo ka HPV kamene kamaiyambitsa anafalitsidwa m'dziko lonse mu 2019. Abambofe tisayese kuti nkhaniyi ndi ya amai okha: yathu ndi ya prostate, imene imakonda amuna opitirira zaka 50, ndipo ambiri timaibisa kufikira mkodzo utatsekeka. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Tiyeneranso kufunsa za ndalama, ndipo kufunsa si mwano. Cikalata coitanira anthu cikati phindu lidzapita kwa odwala, wolembetsa ali ndi ufulu wodziwa kuti ndi gawo lotani, lipita ku bungwe liti, ndipo lidzaperekedwa liti. Ife tinafunsa pa thebulo lolembetsera, ndipo mtsikana amene tinamupeza anangomwetulira nati afunse akuluakulu. Okonza oona mtima sakwiya ndi funso lotere. Amalengeza okha zimene zasonkhedwa.

Nkhawa ina ndi ya thupi lenilenilo. Makilomita 5 kamodzi pa caka sacepetsa shuga wa munthu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kuti azigwiritsa nchito thupi mphindi zosacepera 150 pa sabata, monga kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu. Phindu la tsiku la cikondwerero lili m'masabata okonzekera aja, ndi m'masabata otsatira ngati munthu sasiya. Maiko ena anapeza njira yake: ku Bushy Park mu London, mu Okutobala 2004, anthu 13 anayamba kukumana pa Ciweru ciliconse m'mawa kuthamanga makilomita 5 popanda kulipira, ndipo mwambowo, wochedwa parkrun, unafika ku Johannesburg mu 2011. Palibe cimene cingaletse mabanja asanu a mu Kabwata kapena mu Chelstone kucita cimodzimodzi, popanda nsanja kapena zokuzira mau.

Kwa anzathu a msinkhu wathu amene mtima wayamba kukhumbira, tingonena zimene tinaphunzira ndi thupi lathu. Yambani mwapita ku kiliniki akakupimeni magazi ndi shuga. Musavale nsapato zatsopano pa tsikulo. Zathu zinali zakale za pa salaula ndipo sizinatilume. Imwani madzi, pakuti dzuwa la Okutobala likafika 8 koloko silikhululuka. Pozolowera m'mamawa valani zowala ndipo yendani moyang'anana ndi magalimoto, cifukwa miseu yathu yambiri ilibe njira ya oyenda pansi. Mukamva kupweteka pa cifuwa kapena cizungulire, imani pomwepo, mpemphe thandizo. Ndipo kuyenda m'malo mothamanga si kulephera. Theka la gulu lathu la kumbuyo linayenda kucokera poyambira mpaka pomalizira.

Mendulo ija mdzukulu wathu anailanda tsiku lomwelo, ndipo tsopano ili m'khosi mwa cidole. Lolemba lotsatira amai a kunyumba, amene anatiseka mpaka misozi aja, anapita ku kiliniki kukapimitsa pamodzi ndi mwana wathu, ndipo ife anatiuza kuti tsiku lathu ndi Lacinai, tisayese kuzemba. Pa Ciweru timadzukabe 5 koloko. Tsopano tilipo anai mumseu wa Burma, ndipo wacinai ndi iwo, atamanga citenje cao kolimba. Pa mtunda wolowera ku Woodlands ndiwo amatidikira.