Ola limodzi la mwana wathu: funso loti tiwafunse ofuna mavoti

Ofuna mipando ya ku Nyumba ya Malamulo akubwera m'midzi mwathu ndi malonjezo a mijigo, milatho ndi feteleza. Zonsezo n'zofunika. Koma mukapeza mpata woyankhula, afunseninso za nthawi ya mwana wanu.

Ife ophunzitsa m'madrasa timaona tsiku ndi tsiku mwana akufika dzuwa litapendeka, atatopa, mphindi zowerenga Qur'an zitatsala zochepa. Lachisanu, wa ku sekondale amasankha pakati pa phunziro la masamu ndi Swala ya Ijumaa. Mphunzitsi wamkulu wina amamulola kutuluka, wina amamulanga. Ufulu wopembedza ulimo m'gawo 33 la malamulo oyendetsera dziko lino, koma pa chipata cha sukulu umadalira mtima wa munthu mmodzi.

Vutoli si lathu lokha. Ku America, mu 1948, khoti lalikulu linaletsa kuphunzitsa chipembedzo m'zipinda za sukulu za boma. Mu 1952, pa mlandu wa Zorach v. Clauson, khoti lomwelo linavomereza dongosolo la mzinda wa New York lolola mwana kutuluka ola limodzi pa sabata kukaphunzira chipembedzo chake. Malire ake anali omveka: kholo lipemphe polemba kalata, maphunzirowo achitikire kunja kwa sukulu, boma lisalipirepo ndalama, ndipo aphunzitsi achipembedzo azipereka mayina a ana amene sanafike.

Sitikuti titengere zonse za ku America, pakuti kuno sukulu zambiri zinamangidwa ndi mipingo ndipo boma limayendetsa limodzi nayo. Chimene tikuphunzirapo n'chakuti lamulo lolembedwa limateteza mwana kuposa chifundo cha mphunzitsi. Tikumbuke kuti nkhani ya hijab inavuta zaka zambiri, mpaka mu 2021 pamene atsogoleri achisilamu ndi achikhristu anasainirana mgwirizano kudzera ku bungwe la PAC. Zinatheka chifukwa anthu anakhala pansi n'kulemba.

Choncho funsani aliyense wofuna voti yanu mafunso atatu. Kodi mudzachirikiza lamulo lolola mwana kutuluka pa nthawi yoikika kukaphunzira kapena kukapemphera, kholo likavomereza? Kodi lamulolo lidzakhala lofanana kwa Msilamu, Mkatolika, wa CCAP ndi wina aliyense? Nanga mwana wotulukayo ndi wotsala m'kalasi adzatetezedwa bwanji kuti asataye maphunziro?

Nafenso tili ndi udindo. Madrasa asunge kaundula wa ana obwera, ndipo makolo aonetsetse kuti olalo silikuthera pa msika kapena m'nyumba zoonetsera mafilimu. Tikapempha ufulu n'kuuseweretsa, adzatilanda, ndipo wolakwa tidzakhala ife.

M'mera m'poyamba. Woyankha mozemba lero, pamene akufuna voti yanu, sadzayankha bwino akakhala pa mpando. Mverani yankho lake, lisungeni mumtima, ndipo mulowe nalo m'chipinda chovotera.