Kukakalambira ku Pattaya: Chikomekome cha Mkuyu

Pakati pa anthu opuma pantchito a ku Mangalande ndi maiko ena a ku Ulaya pabuka chizolowezi chogulitsa nyumba zawo n'kukakhazikika m'matauni a m'mphepete mwa nyanja m'maiko otentha. Tauni yotchuka pa zimenezi ndi Pattaya, m'dziko la Thailand. Malowa adali mudzi wa asodzi mpaka m'zaka za m'ma 1960 pamene asilikali a ku Amereka omenya nkhondo ku Vietnam adayamba kukapumulirako. Lero otsatsa malonda amanyengerera okalamba ndi zithunzi za mchenga, dzuwa losatha ndi zakudya zotsika mtengo. Koma ambiri mwa omvera mawu ozunawa amadzigulira mavuto ndi ndalama zawo zomwe.

Choyamba, munthu wotere amakhala mlendo mpaka tsiku la imfa yake. Chilolezo cha opuma pantchito chimaperekedwa kwa amene wakwanitsa zaka 50, ndipo kawirikawiri chimakonzedwanso chaka ndi chaka. Mwiniwake ayenera kuonetsa kuti wasunga mabaht 800,000 kubanki kapena amalandira mabaht 65,000 pamwezi. Masiku 90 aliwonse ayeneranso kudziwitsa boma kumene akukhala, ndipo malamulo salola mlendo wamba kugula malo m'dzina lake. Thumba likangobooka chilolezo chimatha, ndipo gogo wa zaka 80 amauzidwa kuti amange akatundu. Akulu sadaname ponena kuti mlendo ndi mame.

Chachiwiri, ndalama zimene amadalira zimafota. Boma la Britain limakweza penshoni ya okalamba chaka chilichonse, koma amene asamukira ku Thailand sawakwezera: amalandirabe zomwezo ngakhale mitengo ya zinthu ikwere chotani. Pamwamba pa izi, cha m'ma 2005 paundi imodzi inkagula mabaht oposa 70, koma mu 2019 idatsika mpaka kuchepera 40. Amene adawerengera moyo wa mwanaalirenji adapezeka akuwerenga timakobidi ta chakudya.

Chachitatu ndi matenda, omwe ndi mnzake wa ukalamba. Zipatala zolipira za kumeneko n'zabwino ndithu, koma n'zodula, pomwe inshuwalansi imakwera mtengo munthu akamakula. Mu 2019 boma la Thailand lidalamula kuti ofuna mtundu wina wa chilolezochi azikhala ndi inshuwalansi ya zaumoyo. Ndiye wodwala sitiroko amene alibe inshuwalansi, alibe mwana pafupi, ndipo sadziwa chilankhulo cha namwino, adzalirira yani?

Ena amati munthu amene wakhetsa thukuta zaka makumi anayi ali ndi ufulu wothawa chisanu ndi kusungulumwa kwa kwawo. Ufuluwo ali nawodi, ndipo kukacheza kunyanja kwa mwezi umodzi n'kwabwino. Koma kusungulumwa sikutsala pabwalo la ndege. Wothawa nyumba yopanda alendo amakapeza chipinda chopanda abale, ndipo anzake a kumowa sadzagona pansi m'chipatala kudikirira matenda ake. Nawonso adzukulu amakula osamva nthano za agogo awo.

Wachinyamata amene akulota zokagwira ntchito kunja aphunzirepo kanthu. Chuma chenicheni chimene munthu amasungira ukalamba wake ndi anthu amene adzam'tembenuza pamphasa mphamvu zikadzatha, ndipo anthu otere sapezeka pagombe la eni. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.