NAMBALA SIKISI SITIMUWERENGERA ZIGOLI, AMWENE

Anyamata a kunyanja, a ku Makawa, ku Senga Bay, ku Chia, ndi inu nonse amene uthengawu ukupezeni, landirani moni wochokera kuno ku Makhanga. Ndiwautali, ndikudziwa. Amene bandulo yake ili pakhosi awerenge kaye, status aonera mawa.

Nkhani yake ndi mkangano uja sukutha pa gulupu, womwenso ndikuumva kuno m'mavidiyo sho. Mbali imodzi ikuti nambala sikisi amene sagoletsa, sapereka pasi yachigoli, salowa m'bokosi la adani, ameneyo ndi katundu chabe, akungodya malo a munthu wina. Mbali inayo ikuti ntchito ya sikisi ndi kutseka pakati basi, zina zonsezo ndi basela. Ine ndili mbali yachiwiriyi, ndipo zifukwa ndipereka. Koma a mbali yoyambayo musathawe, gawo lanu ndikupatsani.

Tiyambe ndi zimene tonse tinaona ndi maso. Januwale 2022, Flames ku Cameroon. Mukafunsa mwana aliyense pa doko zimene akukumbukira, akuuzani chigoli cha Gabadinho Mhango pa Morocco, chija anachimenya ali kutali mphindi ya 7, goloboyi Bounou n'kungouona ukudutsa pamutu. Chigoli chokoma, palibe wotsutsa. Koma gemu imeneyo tinaluza 2-1. En-Nesyri anabweza nthawi yopumulira isanakwane, Hakimi n'kutimaliza ndi firikiki.

Tsono kumbukirani gemu imene inatifikitsa pamenepo. Pa 18 Januwale ku Bafoussam tinakumana ndi Senegal ya Sadio Mané, timu imene inadzatenga chikho chomwecho. Zinatha 0-0. Palibe anagoletsa, palibe kavidiyo koti n'kuika pa status. Koma poyinti ya tsiku limenelo inatifikitsa pa 4, tikaphatikiza ndi atatu aja tinatenga kwa Zimbabwe, ndipo Malawi inalowa ndime ya matimu 16 koyamba m'mbiri yake. Charles Thom anatchuka tsiku limenelo chifukwa goloboyi akagwira mpira aliyense amaona. Nanga anthu ngati John Banda ndi Chimwemwe Idana, amene pa mpikisano umenewo ankathamanga pakati kutseka mipata, ndi a Chembezi ndi a Chaziya kumbuyo kwawo, ndani amawatchula? Mpira umene sunafike kwa Mané chifukwa wina anaima pamalo oyenera sulembedwa paliponse. Vuto la mkangano wathuwu lagona pomwepo. Tikuyeza munthu ndi sikelo imene ntchito yake siikwerapo.

Ife ana a asodzi sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi. Pa chilimira dzina limamveka ndi la siginala. Iye ndiye ali ndi nyali, iye ndiye amadziwa pomwe usipa wasonkhana, ndipo usiku ukayenda bwino pa doko amatchula iyeyo. Koma m'boti muli mlovi wina amene usiku wonse akukapa madzi. Kukacha palibe amamufunsa kuti wapha zigoba zingati. Mwera ukauka, iye n'kusiya kukapa kuti nayenso akaoneke pokoka khoka, nsomba zonse zija pamodzi ndi eni ake zibwerera m'nyanja. Sikisi ndi mlovi ameneyo.

Kuno ku Makhanga phunziro lomweli limabwera ndi misozi. Dera lino lili pomwe Ruo amakumana ndi Shire, kwa T/A Mlolo m'boma la Nsanje. Chiyambire 1997, pomwe madzi anadula njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo, anthu amawoloka pa Mtayamoyo ndi bwato. Mu 2015 Ruo anasefukira, dera lonse n'kusanduka chilumba. Kenako kunabwera Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. Funsani munthu wa kuno za dayiki kapena mitengo ya m'mphepete mwa mtsinje. Chaka chimene madzi sanalowe m'mudzi palibe amapita kukathokoza gombe. Timalikumbukira tsiku limene lagumuka. Chinthu chotchinga chimadziwika mtengo wake tsiku limene palibe.

Mu mpira umboni wa zimenezi ulipo wambiri, ndipo si wa m'maluwa.

Mu 2003 Real Madrid inali itangotenga ligi. Inagulitsa Claude Makélélé ku Chelsea n'kugula David Beckham. Kutsogolo kunali Zidane, Ronaldo, Figo ndi Raúl, mayina oti ukawawerenga umayamba kuluza usanavale nsapato. Koma ligi sanaionenso mpaka 2007. Kumene Makélélé anapitako, Chelsea inatenga ligi mu 2005 itagoletsedwa zigoli 15 zokha pa magemu 38, n'kuitenganso mu 2006. Mukudziwa zigoli zimene iye anagoletsa mu ligi zaka zake zonse zisanu ku Chelsea? Ziwiri. Pa sikelo ya anzathu aja, ameneyu ndi katundu.

Wachiwiri N'Golo Kanté. Leicester itatenga ligi mu 2016, nyimbo zinali za Vardy wa zigoli 24 ndi Mahrez wa 17. Kanté anali ndi chimodzi. Chaka chotsatira Vardy analipo, Mahrez analipo, amene anachoka ndi Kanté. Leicester inathera pa nambala 12. Chelsea imene anapitako, yomwe inali itathera pa nambala 10, inatenga ligi. Pali zifukwa zinanso, inde, kochi watsopano ndi zina, koma musandiuze kuti zinangochitika mwangozi.

Wachitatu Rodri. Manchester City inali itatenga ligi kanayi motsatizana. Mu Seputembala 2024 bondo lake linavulala pa gemu ya Arsenal. Pasanathe miyezi itatu City inaluza magemu asanu motsatizana, Haaland ali momwemo, Guardiola ali pa benchi pomwepo. Chikho chinapita ku Liverpool.

Ngakhale ku America mkanganowu ulipo, pa masewera awo aja amawatcha football koma mpira wake ngati dzira, amaunyamula m'manja atavala zipewa zolimba. Kumeneko kuli chimunthu chimodzi chimaima pakati penipeni pa mzere wotchinga, amati nose tackle. Ntchito yake ndi kutseka njira yapakati kuti wothamanga ndi mpira asadutse, ndipo nthawi zambiri amalimbana ndi anthu awiri nthawi imodzi kuti anzake akhale omasuka. Koma chimene masapota amawerenga ndi kangati wagwetsa woponya mpira uja, quarterback, ndipo ndalama zambiri zimapita kwa ogwetsawo. Vince Wilfork, munthu wa makilogalamu oposa 140, anasewera zaka 13 n'kugwetsa woponya mpira ka 16 kokha, nambala imene akatswiri ena amaikwanitsa chaka chimodzi. Koma New England Patriots inamusunga zaka 11, n'kutenga naye Super Bowl kawiri. Eni timu ankadziwa chimene akulipira. Ndiye musaganize kuti ndi ife tokha a pa doko amene timakangana zimenezi.

Tsopano gawo lanu lija, inu a mbali inayo. Mukunena zoona pa zinthu ziwiri.

Choyamba, sikisi wongodziwa kumenya miyendo ya anthu ndi kutaya mpira kutchire si sikisi wabwino. Kulanda mpira n'kuupereka kwa mdani yemweyo kuli ngati kukapa madzi n'kumawathira m'boti momwemo. Ukalanda, upereke kwa mnzako, pansi, mofulumira. Makélélé, Kanté ndi Rodri onse ankatha zimenezi. Pamenepo tagwirizana.

Chachiwiri, munthu wa kumbuyo akagoletsa zimakoma, ndipo nthawi zina chigoli chake ndicho chimabweretsa chikho. Rodri yemweyo ndiye anagoletsa chigoli chokhacho pa fainolo ya Champions League mu 2023, City itagonjetsa Inter 1-0. Kwathu kuno, pa 11 Januwale 2010 ku Luanda, Flames ya Kinnah Phiri itakwapula Algeria 3-0, chimodzi mwa zigolizo chinali cha mutu cha difenda Elvis Kafoteka, pakati pa cha Russell Mwafulirwa ndi cha Davi Banda. Palibe akuletsa zimenezo.

Koma taonani ndondomeko yake. Rodri atavulala, chimene City inasowa si zigoli zake. Inasowa munthu woima pakati mpira ukatayika. Ndipo mukanditchulira Yaya Touré, amene anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya 2013/14 akuchokera pakati, ine ndikufunsani kuti kumbuyo kwake kunali ndani. Kunali Fernandinho. Yaya ankapita kutsogolo mtima uli m'malo chifukwa wina anatsala kulondera nyumba. Aliyense wopita kutsogolo ali ndi munthu amene akumulipirira ulendowo. Sikisi naye akanyamuka, amulipirira ndani?

Mwina mukuti aise, zonsezi n'za pa TV, zikutikhudza chiyani? Zikutikhudza pa galaundi ya kwathu. Pitani pa bonanza iliyonse, kaya ya a MP, kaya ya a khansala, kaya ya pa Khirisimasi. Mphoto ya munthu payekha imapita kwa wogoletsa zambiri, mwina ndi goloboyi. Mtsikana akamakuwa kunja kwa galaundi akukuwira wogoletsa. Mkulu wa pa doko akatulutsa kena kake m'thumba, akupatsa wogoletsa. Mwana wa zaka 14 amaona zonsezi, ndipo si wopusa. Kochi akamuika pa sikisi, mphindi 20 zoyamba amamvera, kenako umangomuona ali m'bokosi la adani akufuna nayenso atchuke. Mpira ukatayika, pakati pali mseu waukulu ngati wa M1, madifenda awiri akulimbana ndi anthu anayi. Tikagoletsedwa timatukwana goloboyi, ena mpaka kuyamba za mankhwala, kuti adani anakwirira kanthu pagolo. Palibe mankhwala apa, amwene. Malo amene amayenera kukhala munthu analibe munthu.

Ndipo pali ana ena amene mpira wawo ndi umenewu basi. Sathamanga kwambiri, sadziwa kunyenya, koma ali ndi diso. Amadziwa kumene pasi ikupita isanamenyedwe, monga momwe bambo anga amadziwira kuti mphepo isintha ife tikuona nyanja ili bata. Mwana wotere tikamamuuza tsiku ndi tsiku kuti ndi katundu chifukwa sagoletsa, amasiya mpira kapena amasanduka sitiraika wachabechabe. Kenako ife tomwe timakhala pa wailesi kudandaula kuti Flames ilibe munthu pakati. Maule, Manoma ndi Silver sapanga osewera m'fakitale. Amatola amene magalaundi athu afumbi awakonza.

Ndiye ndikupempha zinthu zitatu, zosafuna ndalama zambiri.

Choyamba, gemu ikubwerayi, kaya pa vidiyo sho kaya pa galaundi, tengani mphindi 10 musayang'ane mpira. Yang'anani sikisi yekha. Timu yake ikamaukira, waima pati? Fulubaki akakwera, ndani watseka malo ake? Mpira ukatayika, iye akuthamangira mpira kapena akutseka njira? Werengani kangati mdani wabweza mpira m'mbuyo chifukwa kutsogolo kunali kotseka. Nambala imeneyo ndiyo zigoli zake.

Chachiwiri, inu amene mumakhala m'makomiti a bonanza, ikaniponi mphoto ya wosewera pakati wotchinga. Isachite kukhala yaikulu. Ngakhale nsapato za kaunjika, bola aitanidwe dzina pamaso pa anthu, ana aone kuti ntchito imeneyinso ili ndi ulemu.

Chachitatu, makochi a m'midzi, musamaike pa sikisi mwana amene wasowa malo kwina. Ikanipo amene ali ndi mutu kuposa onse, ndipo mumuuze poyera kuti akabwerako ndi ziro kumbali ya adani, wagwira ntchito yake yonse. Akagoletsa tidzavina naye. Akapanda kugoletsa tisamufunse.

Ballon d'Or ya 2024 anapatsa Rodri, a Real Madrid mpaka kunyanyala mwambo chifukwa ankafuna ipite kwa Vinícius. Ngati mkanganowu unafika mpaka ku Paris, sindikuyembekeza kuti uthera pa gulupu yathu lero. Amene akutsutsa ayankhe, koma abwere ndi dzina la timu imene inatenga ligi pakati pali pululu. Voice note ya mphindi 7 yongokuwa sindimvera, netiweki ya kuno siilola.

Tumizani kwa kochi wa timu ya kwanu, ndi kwa mwana uja amasewera pa sikisi amene simunamuyamikirepo. Mupereke moni kwa akuluakulu pa doko. Olowa m'madzi usiku uno, muyende bwino, ndipo wokapa madzi mumugawire bwino.