NDEMANGA: CHIMENE CHIMASAUKITSA AKATSWIRI A POKER

Mu November chaka cha 1998, m'chipinda cha nyumba ina yogona alendo yotsika mtengo mu mzinda wa Las Vegas ku America, munapezeka mtembo wa Stu Ungar, bambo wa zaka 45. Ndalama zimene anali nazo zinali madola pafupifupi 800, ndipo anzake ndiwo anachita kusonkha kuti maliro ayende. Uyu ndiye munthu amene anapambana mpikisano waukulu wa World Series of Poker katatu konse, mu 1980, 1981 ndi 1997. Patangotsala chaka ndi theka kuti amwalire, anali atapata mphotho ya madola miliyoni imodzi.

Anthu ambiri akamva nkhani yotere amafulumira kunena kuti njuga ndi njuga basi, palibe amene analemera nayo. Ife sitikuikira kumbuyo njuga, koma yankho limenelo silifika pa gwero la nkhani. M'masewero a poker anthu amapikisana okhaokha. Mwini nyumba ya njuga amangodulako kagawo pa ndalama zimene zaikidwa pa tebulo. Motero wodziwa kuwerengera makhadi ndi kuzindikira maganizo a anzake amawadyera osadziwa, ndipo alipo amene adyetsa mabanja awo mwa njira imeneyi kwa zaka zambiri. Luso la Ungar silinakayikitse munthu. Nanga bwanji munthu wa luso lotere anafa alibe kanthu?

Tiyambe ndi masamu, pakuti masamu sakondera. Mu mtundu wa poker wotchedwa Texas Hold'em, munthu akapatsidwa makhadi awiri a ace ndiye kuti wayamba bwino koposa onse. Akakumana ndi mnzake amene ali ndi makhadi awiri ofanana koma ochepa mphamvu, amapambana kanayi pa kasanu kalikonse. Kamodziko amagonja, ngakhale sanalakwitse kalikonse. Tsono taganizani za munthu amene amaika chuma chake chonse pa tebulo nthawi iliyonse akaona mwayi woterewu. Akatero katatu motsatizana, mwayi wakuti akhale adakali ndi kanthu ndi theka chabe. Akatero kasanu, ndiye kuti mwa anthu atatu otere awiri abwerera kwawo chimanjamanja. Mwana wa sukulu wodziwa kuchulukitsa angathe kuonetsa zimenezi pa bolodi. Luso limafuna nthawi yaitali kuti lioneke, koma amene mpamba wamuthera alibenso mpando pa tebulo.

Mu 1956 katswiri wa sayansi John Kelly, wa ku Bell Labs, anasonyeza mlingo umene munthu wobetcha ayenera kutsata. Tinene kuti munthu amapambana ka 55 pa 100, ndipo akapambana amalandira ndalama zofanana ndi zimene anaika. Malinga ndi mlingo wa Kelly, woteroyo ayenera kuika gawo limodzi mwa magawo khumi a mpamba wake. Akazolowera kuika zopitirira magawo awiri, mpamba umanka nuchepa m'kupita kwa nthawi, chikhalirecho mwayi uli mbali yake. Owerenga aione bwino mfundo imeneyi. Munthu akhoza kudziwa masewero kuposa onse amene wakhala nawo, nasaukabe, kaamba kongoika ndalama zosalingana ndi kukula kwa thumba lake. Mayi wogulitsa nsomba pa msika amadziwa kuti phindu n'lodya koma mpamba sadya. Akatswiri ambiri a poker phunziro limeneli linawapitirira.

Pa matebulo a ndalama zambiri vutoli limakula. Osadziwa sakhalitsapo, ndiye akatswiri amatsala akudyana okhaokha. Kusiyana kwa luso pakati pawo n'kochepa kwambiri, pamene ndalama zimene zimasintha manja usiku umodzi zingagule nyumba zingapo. Wanzeru akaona kuti theka la mpamba lapita, amatsikira ku tebulo laling'ono kuti akapezenso mphamvu. Koma amene nkhope yake yaonekera pa wailesi ya kanema amachita manyazi kukakhala pakati pa anyamata ongoyamba kumene. Amasankha kukongola kwa anzake, nabwerera pa tebulo lomwelo limene lamugwetsa, tsopano ndi mtima wofuna kubweza zonse usiku womwewo. Mtima woterewu sudikira makhadi abwino.

Tisanyengedwenso ndi ziwerengero zimene manyuzipepala amalemba. Amati wakutiwakuti wapata mamiliyoni akuti, koma salemba zimene walipira kuti alowe m'mipikisanoyo, m'mene mwa anthu 100 olowa, olandirako kanthu amangokhala pafupifupi 15. Daniel Negreanu wa ku Canada, mmodzi wa otchuka kwambiri, anaulula yekha kuti mu 2017 anapata madola pafupifupi 2.8 miliyoni, koma ndalama zolowera zinaposa pamenepo, kotero kuti chakacho anatseka ndi kuluza. Tikumuyamikira ponena zoona, chifukwa anzake ambiri amangoonetsa chikho. Kuonjezera apo, ambiri amasewera ndi ndalama za eni. Miliyoni ya Ungar ya 1997 ija sinali yake yonse: madola 10,000 olowera anamulipirira Billy Baxter, ndipo mphothoyo anagawana pakati. Pali msonkho wa boma, pali maulendo ndi malo ogona. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Komabe ife tikuona kuti chifukwa chachikulu chili mumtima mwa wosewerayo, ndipo n'chomvetsa chisoni chifukwa ndi chomwecho chimene chimamukweza. Kuti munthu afike pamwamba m'masewerowa ayenera kuleka kuiopa ndalama. Woopa amanjenjemera, ndipo anzake amamuona. Nyumba za njuga zimathandizira zimenezi posintha ndalama kukhala timabatani ta mitundumitundu, kuti munthu aziponya mtengo wa galimoto ngati akuponya nyemba pa bawo. Tsoka lake n'lakuti mtima wosaopa ndalamawu sautsala pa tebulo la poker, amatuluka nawo. Amapita nawo ku mijaha ya akavalo, ku kubetcha pa mpira, ndi ku masewero amene mwini nyumba anawakonza kuti azipambana ndi iye, kumene luso lilibe ntchito. Theka la miliyoni la Ungar linatha m'miyezi yowerengeka, ku kubetcha pa masewero ndi ku mankhwala ozunguza bongo a cocaine. Mu 1998 sanathenso n'komwe kukateteza ukatswiri wake. Amene amati anthu otere anagwa ndi tsoka akulakwitsa. Tsoka limagwera wosewera aliyense kamodzi pa kasanu. Chimene chimasiyanitsa anthu ndi kuchuluka kwa zimene anaika pa tebulo tsokalo pofika, ndi kumene anapita nazo zotsalazo.

Palibe chitsanzo chomveka bwino kuposa cha Archie Karas, mbadwa ya ku Greece. Anafika ku Las Vegas mu December 1992 ali ndi madola 50 okha. Anakongola madola 10,000, nayamba kugonjetsa akatswiri mmodzimmodzi, Ungar ndi Chip Reese ali m'gulu lomwelo, mpaka ofuna kukhala naye pa tebulo anasowa. Akanatha kulekera pomwepo. M'malo mwake anatembenukira ku madayisi pa nyumba ya njuga ya Binion's Horseshoe, ndipo kwa kanthawi nako kunamuyendera, kufikira chuma chake chinakwana madola 40 miliyoni kumayambiriro kwa 1995. Chuma chonsecho chinatha m'chaka chomwecho, chambiri mwa icho ku madayisi ndi ku masewero a baccarat. Mu 2013 anagwidwa akuika zizindikiro pa makhadi m'nyumba ina ya njuga ku California, ndipo mu 2015 akuluakulu oyang'anira za njuga ku Nevada anamuletsa kuponda m'nyumba ya njuga iliyonse m'chigawocho.