NJINGAYI NDIPALASA NDITHU, KAYA MUNDISEKE

Uthengawu ndi wautali, pezani pokhala.

Chilengezereni kutchalitchi kuti ine ndi achinyamata tipalasa njinga kuchoka pa Balaka mpaka ku Liwonde, makilomita pafupifupi 30, kuti tipeze ndalama za thiransipoti ya odwala khansa, foni yanga sikupuma. Mbusa mnzanga wina wandilembera kuti: "Abusa, mtumiki wa Mulungu kumatuluka thukuta pamsewu ngati wakabaza? Chikhulupiriro chapita kuti? Khansa timaidzudzula, sitiyendera njinga." Achimwene, sinditchula dzina lanu, koma ndikuyankhani pagulu, chifukwa maganizo amenewa akutiikitsa maliro.

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa. Achemwali anga aakulu, amene anandilera kumudzi kwathu cha ku Ntaja mayi atatisiya, anayamba kutaya magazi atasiya kale kusamba. Kuchipatala chaching'ono anawauza kuti apite ku Liwonde. Ku Liwonde atawaunika anawalembera kalata yopita ku Blantyre. Kalata ija anabwera nayo kwa ine, mlongo wawo m'busa. Mukudziwa chimene ndinanena? Ndinati tiyambe tasala kudya kaye. Tinasaladi. Kenaka kunabwera mneneri wina amene anati ndi ufiti wa kuchimuna. Anawagulitsa madzi m'kabotolo, nawauza kuti akangoponda kuchipatala ndiye kuti amukayikira Mulungu. Mbuzi ziwiri zimene zikanawafikitsa ku Blantyre zinapita ku "mbewu". Kalata ija inakhala m'Baibulo mwanga miyezi 8.

Tsiku limene tinafika ku Queens, adokotala anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Munali kuti nthawi yonseyi?" Abale, ndinasowa poyang'ana. Chimene chinatsala ndi mankhwala ochepetsa ululu basi. Achemwali anamwalira m'manja mwanga, osandidandaulira ngakhale kamodzi. Pamaliro ndinalalikira ndine, koma mumtima ndimadziwa amene anasunga kalata.

Ndiye musandiphunzitse za chikhulupiriro. Ndimakhulupirira machiritso, ndimasanjika manja pa odwala, ndipo sindisiya. Koma tsegulani Luka mutu 10. Amene anamulambalala munthu wovulala uja anali anthu a kukachisi, anzathu a ife abusa. Msamariya anatsuka mabala, anamukweza pa bulu wake, anamufikitsa ponyamulidwa bwino, n'kutulutsa ndalama m'thumba. Thiransipoti ndi ndalama, abale! Bulu wa kuno ku Balaka ndi njinga. Mfumu Hezekiya atadwala, Yesaya yemweyo amene anabweretsa mawu a Mulungu ndi amenenso analamula kuti pachotupa paikidwe nkhuyu. Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali sing'anga wa mankhwala. Nanga inu lamulo loti wopemphera asapite kuchipatala mwalitenga kuti?

Tsono imvani zimene ndinaphunzira mochedwa. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ambiri padziko lonse. Siibwera ndi mfiti ayi. Imayamba ndi kachilombo kotchedwa HPV, kamene kamafala pogonana, ndipo pamatenga zaka zambiri kuti isanduke khansa. Amayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chachikulu kuposa anzawo. M'zaka zimenezo namwino atha kuona zizindikiro popaka viniga pakhomo la chiberekero, kwa mphindi zochepa chabe, n'kuthana nazo zisanakule. M'zipatala za boma salipiritsa. Katemera wa HPV wa atsikana a zaka 9 anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2019, koma ndi m'matchalitchi mwathu momwemu mmene timanong'onezana kuti amatseka mimba. Bodza limenelo! Ana anu abayitseni.

Abambo musaseke ngati sizikukukhudzani. Khansa ya kummero yatenga amuna ambiri kuno. Munthu amayamba kutsamwa nsima, kenaka phala, mapeto ake ngakhale madzi. Mukaona nsima ikukana kutsika, thamangani kuchipatala, pemphero tichitira m'njira.

Kale wofunika radiotherapy amayenera kudikira kutumizidwa kunja, ku India kapena ku Tanzania. Lero makinawo alipo m'dziko muno. A Thom Mpinganjira, amene anataya akazi awo a Barbara ndi khansa, anatsegula chipatala cha khansa ku Blantyre mu 2024, ndipo National Cancer Centre ya boma ku Lilongwe inatsegulidwa mu 2025. Koma makina ali mumzinda, wodwala ali ku Nayuchi, ku Utale, ku Phalula. Chemotherapy sapita kamodzi, amabwerera kangapo, ndipo ulendo uliwonse ndi anthu awiri, wodwala ndi gadiyani. Kabaza, minibasi, chakudya, sopo. Ambiri amalekezera panjira, osati chifukwa chokana mankhwala, koma chifukwa m'thumba mwauma. A Mpinganjira anali ndi ndalama zomangira chipatala. Ine ndili ndi njinga ndi miyendo iwiri. Aliyense apereke chimene ali nacho.

Ena mwafunsa kuti, "Nanga ndalamazo sizilowa m'thumba mwa abusa?" Funso labwino, ndipo sindikwiya nalo, chifukwa ife atumiki tadzichotsera tokha ulemu pa nkhani ya ndalama. Ine sindigwira ngakhale tambala. Asunga ndi amayi atatu a komiti, ndipo zolowa ndi zotuluka ziwerengedwa poyera kutchalitchi, n'kuikidwanso patsamba lino. Wothandizidwa sitimufunsa mpingo. Abale athu achisilamu a ku Machinga, khomo ndi lotsegula, khansa sifunsa kuti umapemphera Lachisanu kapena Lamulungu.

Kwa inu aneneri ogulitsa madzi ndi mafuta, ndikupemphani mwaulemu koma mosabisa: mupempherereni wodwala, kenaka mubwezereni ndalama yake akwere minibasi. Mukamuletsa kuchipatala, magazi ake adzafunsidwa pa inu. Ine katundu ameneyo ndamusenza, ndi wolemera, sindikufunirani.

Tinyamuka mbandakucha dzuwa la Balaka lisanakwiye. Aliyense amata kumsana kwake dzina la m'bale wake amene anapita kapena amene akudwala. Langa mukulidziwa kale. Tikafika pa mlatho wa Shire ku Liwonde tiima, tipemphera, kenaka tipitirira kukaona odwala. Alibe njinga atidikire ndi madzi akumwa m'njira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Lero sindikupemphani kuti mulembe Amen. Ngati m'nyumba mwanu muli kalata yachipatala imene mwaipinda m'Baibulo, itulutseni usiku uno, mawa mupite nayo. Ngati ndalama yoyendera palibe, ndipezeni. Ambuye akusungeni nonse.