Musathamangire kufomata, mwina zida zikungolimbirana malo

Pali mankhwala amodzi amene timamwetsa kompyuta iliyonse ikangoyamba kuvuta, ndipo ine anandikwana: kufomata. Mawu asiya kumveka? Ifomateni. Fulashi sikuoneka? Ifomateni. Pulinta yakana? "Imeneyo ili ndi vayirasi bwana, tingoifomata basi." Zili ngati munthu wapita kuchipatala ndi chala chotupa, adokotala n'kumuuza kuti agone amung'ambe pamimba. Chonsecho kawirikawiri vuto limakhala laling'ono. Mwina zida ziwiri m'kompyutamo zikulimbirana chinthu chimodzi, ndipo mlandu wotere ngakhale mwana wa fomu 2 atha kuuweruza, bola adziwe poyang'ana.

Kuno ku Chiringa nkhaniyi si yocheza. Makompyuta ndi owerengeka, ndipo ambiri ndi akale, anagwirapo kale ntchito kwina asanafike kuno. Kompyuta imodzi ya pasitolo yolembera makalata imasunga makalata ofunsira ntchito a anthu ambirimbiri, zithunzi za ukwati, mayeso a kusukulu, mabuku a ndalama a kumpingo. Kuinyamula kupita nayo ku Phalombe boma, ku Mulanje kapena ku Limbe n'kulipira thiransipoti kawiri, ndiye muonjezepo ya wokonzayo. Ikafomatidwa mosasamala zonse zija zapita. Kenako mugule bandulo yokatengera ma driver pa intaneti. Chowawa kwambiri n'chakuti ngati vutolo linali la zida, mukangofika kunyumba n'kulumikizanso pulinta ija, matenda aja abwereranso momwemo.

Tiyeni tione kaye chimene zidazi zimalimbirana. Taganizirani kalasi ya ana ambiri koma mphunzitsi mmodzi. Mphunzitsiyo ndi pulosesa. Iye sangamayende desiki ndi desiki kufunsa aliyense ngati ali ndi funso, phunziro silingathe. M'malo mwake wofuna kulankhula amakweza dzanja, mphunzitsi amaima kaye, amamva, kenako amapitiriza. Mu kompyuta kukweza dzanja kumeneku kumatchedwa IRQ, chidule cha interrupt request. Mukadina batani pa kiyibodi, kiyibodiyo imakweza dzanja, pulosesa imasiya kaye zimene imachita, imalandira chilembocho n'kubwerera. Zimachitika mwachangu moti inu simuona kanthu.

Chachiwiri ndi keyala. Chida chilichonse chili ndi manambala ake a malo amene pulosesa imasiyapo uthenga ndi kutengapo yankho, ngati momwe wogulitsa aliyense ali ndi benchi yake pamsika. Chachitatu ndi DMA, njira imene chida chimatumizira katundu wake molunjika ku RAM osavutitsa pulosesa, ngati mlimi amene amuuza kuti matumba a nandolo akatule yekha m'nyumba yosungiramo, kalaliki adzangomva kuti zatheka. Zida ziwiri zikapatsidwa dzanja limodzi kapena benchi imodzi popanda mgwirizano, chisokonezo chimayamba. Pulosesa imayankha amene sanafunse, wofunsayo amangodikira mpaka kalekale, ndipo inu mumangoona sikirini yauma.

Mkangano umenewu uli ndi mbiri yake. Kompyuta ya IBM PC yoyamba, ya mu 1981, inali ndi mizere 8 yokha ya IRQ, yoyang'aniridwa ndi kachipangizo ka Intel kotchedwa 8259. Mu 1984 pa IBM PC/AT anaonjezera kachiwiri, mizere n'kukhala 16, kuyambira 0 mpaka 15. Koma kachiwiriko sikankalankhula ndi pulosesa kokha. Kankadzera pa mzere 2 wa koyamba, ngati nyakwawa imene nkhani zake zimadzera kwa gulupu, ndiye mzere umodzi unathera pomwepo, n'kutsala 15. Mwa imeneyi yambiri inali kale ndi eni ake: 0 wa koloko ya m'kati, 1 wa kiyibodi, 6 wa floppy, 7 wa pulinta, 12 wa mausi ya PS/2, 14 ndi 15 ya ma disiki. Yotsala inali yochepa ngati mipando ya m'minibasi madzulo a tsiku la msika.

Ndiye anthu ankavutika zenizeni. Malo olumikizira otchedwa COM1 ndi COM3 onse ankagwiritsa IRQ 4. Munthu akaika mausi pa COM1, modemu pa COM3, ankangoti wagwedeza mausi, intaneti yaduka. Makadi oyambirira a mawu a Sound Blaster ankabwera atatcheredwa pa IRQ 7, womwe uja wa pulinta. Pofuna kusintha, munthu ankatsegula bokosi n'kusuntha timapulasitiki ting'onoting'ono totchedwa jumper ndi zala kapena kambano, kwinaku akuwerenga buku. Zinthu zinayamba kupepuka Intel itatulutsa PCI mu 1992, chifukwa makadi a PCI amatha kugawana mzere umodzi mwamtendere. Kenako Windows 95 inabwera ndi Plug and Play, yoti kompyuta izigawa yokha malo. Poyamba inkaphonya kwambiri moti anthu anaipatsa dzina lachipongwe loti Plug and Pray, ndiye kuti lumikiza ukatero upemphere. Masiku ano zida za PCI Express sizikwezanso dzanja pa waya wapadera, zimangolemba kauthenga pa keyala inayake, ndipo vuto la kuchepa kwa mizere linatha.

Apa wina anena kuti, "Ndiye mukutiuziranji za makedzana?" Ali ndi mfundo. Mkangano weniweni wa IRQ pa kompyuta yatsopano ndi wosowa, ndipo amene angakuuzeni kuti vuto lililonse ndi IRQ akukunamizani chimodzimodzi ndi wa vayirasi uja. Koma makompyuta athu si atsopano. Komanso kulimbirana sikunathe, kunangosamuka. Lero zida zimalimbirana magetsi, zilembo, ngakhale mafunde a wailesi.

Tengani magetsi a pa USB. Bowo la USB 2.0 limapereka mavoti 5 ndi 500 mA. La USB 3.0, lija nthawi zambiri limakhala labuluu m'kati, limafika 900 mA. Chulukitsani monga munaphunzirira mu Physics, mphamvu ndi mavoti kuchulukitsa ndi karenti: mupeza mawati 2.5 ndi 4.5. Ndi zochepa zedi. Tsono taonani zimene timachita magetsi akangoyaka. Pa kabokosi kamodzi kogawira USB, kopanda adaputa yakeyake, talumikizapo foni ya achimwene, foni ya aneba, modemu, ndi disiki yakunja. Onsewo akumwa pa bowo limodzi. Disikiyo imafuna karenti yambiri poyamba kuzungulira, ikaperewera imangolira kuti tiki tiki, kuoneka n'kusowanso. Munthu amati disiki yafa. Ayi ndithu, ili ndi njala. Zulani mafoniwo, ilumikizeni yokha kumbuyo kwa kompyuta, muone.

Nanga fulashi imene imalira kuti yalowa koma osaoneka? Nthawi zina yapatsidwa chilembo, tinene E, chimene disiki ina inatenga kale, kapena sinapatsidwe chilembo n'komwe. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani diskmgmt.msc, ipezeni fulashiyo pamndandanda, dinani kumanja, musankhe Change Drive Letter and Paths, muipatse chilembo chopanda mwini. Koma Windows ikakufunsani ngati mukufuna kuifomata, kanani kaye ngati muli ndi zanu m'menemo. Palinso china chodabwitsa chimene a Intel anafotokoza mu 2012: zida za USB 3.0 zimatulutsa phokoso la mafunde pafupi ndi 2.4 GHz, pomwe pamadzera mausi zopanda waya, Bluetooth ndi Wi-Fi. Mausi ikayamba kudumphadumpha mutangolumikiza fulashi pabowo loyandikana, sunthani kolandirira kake kapite mbali ina.

Pa makompyuta akale palinso kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, CR2032, ka mavoti 3, kamene kamasunga nthawi ndi zimene munatchera mu BIOS kompyuta ikazima. Kakatha, magetsi akangothima kompyuta imaiwala zonse. Deti limabwerera zaka za m'mbuyo, masamba a pa intaneti amakana kutseguka, zida zimene munazimitsa mu BIOS zimadzukanso n'kuyamba kufuna malo. Pena ngakhale katchedwe ka disiki kamasintha, Windows n'kukana kudzuka, sikirini yabuluu. Kufomata sikungachize zimenezi ngakhale mutafomata kakhumi. Kabatire katsopano, kaja kamapezeka kwa okonza mawotchi, n'kokwanira.

Poyambira penipeni ndi Device Manager. Windows ndi R, lembani devmgmt.msc. Chida chimene chili pamavuto chimakhala ndi kachizindikiro kachikasu. Dinani kawiri muwerenge nambala yake. Code 28 ikutanthauza kuti driver palibe. Code 10, chidacho chalephera kuyamba. Code 43, Windows yachiimitsa chifukwa chanena chokha kuti chili ndi vuto. Code 12 ndiye mkangano wathu uja: chidacho chasowa malo aulere oti chigwiritse ntchito. Mukafuna kuona amene wakhala pati, pitani pa View musankhe Resources by type, kapena tsegulani msinfo32 muyang'ane pa Conflicts/Sharing pansi pa Hardware Resources. Musadzidzimuke mukaona zida zingapo pa nambala imodzi. Mabanja ambiri amatunga pa mjigo umodzi osamenyana. Kugawana pakokha si mlandu, mlandu ndi pamene chida china chasiya kugwira ntchito. Pa Code 12, zimitsani chida chimene simuchigwiritsa ntchito, monga COM kapena LPT yakale, mu BIOS kapena mu Device Manager momwemo. Ngati ndi kadi, lisunthireni pa mpata wina. Zoika BIOS yatsopano zisiyireni odziwa, chifukwa magetsi akathima ntchito ili m'kati bolodi yonse itha kufa.

Koma chimene ndikufuna mutengepo kwenikweni si manambalawa. Ndi kafunsidwe. Funso loyamba nthawi zonse: chasintha n'chiyani? Kompyuta imene dzulo inali bwino siyamba misala popanda chifukwa. Wina walumikiza chinachake, waika pulogalamu, kapena magetsi anathima ikugwira ntchito. Zulani zonse kupatula kiyibodi, mausi ndi sikirini. Iyatseni. Ngati yachira, bwezerani zida chimodzichimodzi, mukuyesa nthawi iliyonse, mukulemba m'kope chimene mwachita ndi chimene mwaona. Chida chimene vuto labwerera nacho ndicho woganiziridwa woyamba. Kachiyeseni pa kompyuta ina. Chikavutanso kumeneko, n'chakufa. Chikagwira, ndiye kuti chikulimbana ndi china cha kwanu kuja.

Mwazindikira kuti izi n'zomwe zija mumachita mu Biology poyesa zimene mbewu imafuna kuti imere? Botolo lina mulibe madzi, lina mulibe mpweya, koma simuchotsa ziwiri nthawi imodzi, chifukwa simungadziwe chimene chapangitsa. Kufomata n'kusintha zinthu zikwizikwi kamodzi. Kompyuta ikachira simudziwa chachiza, ikapanda kuchira simudziwa chotsala. Mwalipira ndalama koma simunaphunzirepo kanthu.

N'chifukwa chake ndimatsutsana ndi chizolowezi chotsekera ophunzira kunja kwa zinthu zimenezi. M'malo ambiri kompyuta imasungidwa ngati mbale za alendo: lembani mu Word, jambulani tebulo mu Excel, kwinako musakhudze. Ndikumvetsa mantha a aphunzitsi. Makina ndi ochepa, akaonongeka ofunsidwa ndi iwo, ndipo pali ana ena manja awo sakhazikika. Koma kuyang'ana mu Device Manager sikuononga kanthu. Ndipo pafupifupi paliponse pamene pali makompyuta pamakhala ina imene inaikidwa pakona kuti inafa, yangodzaza fumbi. Imeneyo bwanji osaipereka kwa ana a Computer Studies, aitsegule, aone RAM, apeze kabatire kaja, azule kadi n'kulibwezera? Pakati pa zakufazo zina n'zongokomoka. Malamulo ake ndi ochepa: pemphani chilolezo, zulani waya kukhoma musanatsegule, gwirani chitsulo cha bokosi kaye kuti magetsi a m'thupi mwanu asapse tizida, ndipo kabokosi ka power supply ndi sikirini zija zamimba musatsegule n'komwe, zimasunga magetsi oopsa ngakhale zitazulidwa.

Sindikunena kuti kufomata n'kosafunika nthawi zonse. Windows ikaonongeka kotheratu, kapena vayirasi yeniyeni ikazika mizu, palibe kuchitira mwina. Okonza ambiri amathamangira kumeneko chifukwa n'kwachangu ndipo kasitomala akudikira kabaza panja, osati chifukwa cha umbuli. Inuyo ndi amene mungawathandize. Mukafika ndi kapepala kolembedwa kuti vuto linayamba Lachiwiri mutalumikiza pulinta, Device Manager ikuonetsa Code 12 pa kadi la netiweki, ndipo pulinta ikazulidwa zonse zimayenda, wokonzayo ayambira pomwepo. Akanenabe kuti afomata, mufunseni mwaulemu kuti waona chiyani, ndipo asanadine kalikonse akukopereni mafayilo anu pa disiki ina inu mukuona.